Asilikali a m'kabati ya mbale

M'nyumba ya Mmalawi wodzilemekeza simulephera kukhala kabati yagalasi pabalaza, momwe mumagona mbale zosadyerapo munthu, matambula a paukwati ndi makapu odikira alendo olemekezeka. Yathu kuno ku Nottingham tinaigula yakale mu 2002, ndipo mayi a kunyumba anaiyala ndendende ngati imene tinasiya kwathu ku Ntcheu. Lero mukasuzumiramo mupeza kuti mbale zinapanikizana pa shelefu yapansi yokha. Mashelefu atatu apamwamba analandidwa ndi tiasilikali tobiriwira toposa 140, aliyense wosatalika kuposa chala chachikulu cha kudzanja, pamodzi ndi akasinja awo anayi. Kulanda kabatiyo kunanditengera zaka khumi, shelefu imodziimodzi, ndipo ndiyo nkhondo yokhayo imene ndinapambana osaponya dayisi.

Ndinafika kuno mu Febuluwale 2001 ndili ndi zaka 47, kutsatira mayi a kunyumba amene anatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino, monga anachitira anamwino ambiri a kwathu zaka zimenezo. Kumudzi ndinali mphunzitsi, zaka 23 ndikudya fumbi la choko, ndipo pamsika sindinkayenda mapazi khumi osamva wina akuti, "Mwaswera bwanji aphunzitsi?" Kuno ndinapeza ntchito yausiku yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Imeneyo sindiinyoza, inalipira lendi. Chimene chinkandidya mtima chinali mwana. Chisamba chathu, mnyamata wa zaka 12 amene kwathu ankasokosa mpaka agogo ake kumutulutsa m'khitchini ndi mthiko, kuno anangoti zii. Kusukulu ankamuseka kalankhulidwe. Akaweruka ankakhala pawindo n'kumayang'ana mvula.

Loweruka lina mvula yomweyo inatilowetsa m'kasitolo ka pa Friar Lane, pakati pa mzinda. Tinkangofuna pousa basi. M'katimo munali fungo la guluu ndi penti, ndipo anyamata anaunjikana mozungulira tebulo ngati anthu oonerera bawo pansi pa mtengo wa mango. Patebulopo panali timapiri, tinyumba togumuka ndi tizidole tosawerengeka. Wogulitsa, mnyamata wa malaya ofiira, anaika madayisi m'manja mwa mwana wanga n'kumuuza kuti aponye. Ine ndinaima pakhomo ndi chipewa chonyowa, mumtima ndikuti: azungu awa, anthu akuluakulu ndevu pepeya, kumaseweretsa zidole dzuwa likuswa mtengo! Ndili m'kati moweruza choncho, mwana anaseka. Aka kanali koyamba kumumva akuseka chitsikire ndege.

Masewerawo dzina lake ndi Warhammer 40,000. Eni ake ndi kampani ya Games Workshop, imene anaiyambitsa anyamata atatu ku London mu 1975, John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson. Ndinaseka nditamva kuti poyambirira ankasema matabwa a masewero, ena mwa iwo a mancala, m'bale wake wa bawo wathu. Pambuyo pake kampaniyo inasamukira kuno, kumene Bryan Ansell ankayendetsa ntchito youmba tizidole, ndipo mu 1987 Rick Priestley anatulutsa buku loyamba la masewerawa. Likulu lawo ndi fakitale zili ku Lenton, ulendo wa basi imodzi kuchokera pamene tinkachita lendi. Mosadziwa, ndinali nditamanga msasa pabwalo la mfumu. Kasewerededwe kake nkotere: umagula bokosi, m'katimo mumatuluka mikono, miyendo, mitu ndi mfuti zapulasitiki yotuwa zitalumikizika pa kafelemu, iwe n'kudula, kumata ndi kupenta wekha. Tebulo la nthawi imeneyo linali mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Msilikali amayenda poyeza mainchi ndi tepi, ndipo dayisi ndiye amagamula ngati chipolopolo chalasa, ngati chavulaza, ndi ngati chovala chachitsulo chamupulumutsa. Msilikali aliyense ali ndi mtengo wake wa mapointi, choncho mumagwirizana kuti lero tibwere ndi 1,500 aliyense, kuti wolemera asapondereze wosauka.

Mwana anasankha ma Ork, zimphona zobiriwira zamano otuluka kunja, zokonda phokoso ndi ndewu, zimene zimamanga magalimoto ndi zitsulo zotola kudzala n'kumakhulupirira kuti galimoto yofiira imathamanga kuposa zina. Ndalama yogulira magalimoto awo panalibe. Koma mwana ameneyu anakulira kumene mnyamata wosadziwa kupinda galimoto ya mawaya sawerengedwa pagulu. Anatenga zitini za nsomba, mawaya a mahang'ala a amayi ake ndi zitsekerero za mabotolo, n'kumanga lole ya ma Ork ya matayala otembenuka. Atalowa nayo m'sitolo muja masewero anaima. Anyamata anaipatsirana m'manja, akufunsa kumene anaphunzira luso lotero. Madzulo ake anabwera kunyumba ndi manambala a foni atatu atalembedwa ndi bolopeni pamkono. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ankatero akale, ndipo mahang'ala m'nyumba mwathu anatha sabata yomweyo.

Ine ndinakodwa ngati mbewa yotsata fungo la chiponde. Mwana analibe chipiriro cha penti, ankapaka ngati akuzira pansi ndi dothi, ndipo uphunzitsi sunandilole kuonerera ntchito yothamangira. "Tabwera nayo kuno burashiyo," ndinatero tsiku lina, ndipo sindinamubwezerenso. Ndikaweruka 6 koloko m'mawa, mayi ali kuchipatala, mwana ali kusukulu, tulo tikukana, ndinkakhala pawindo la kukhitchini. Choyamba umapopera wakuda thupi lonse. Kenako wobiriwira wodera, kenako wobiriwira wowala, amene panthawiyo ankatchedwa Snot Green, ndipo pomaliza kamzere kopyapyala m'mphepete mwa chovala kuti chioneke ngati chawalidwa ndi dzuwa. Penti umaisungunula ndi madzi mpaka ifanane ndi mkaka, n'kupaka katatu mopyapyala osati kamodzi mochindikala. Diso la msilikali n'laling'ono kuposa njere ya mawere, ndipo umalilasa utagwira mpweya, zigongono zitatsamira patebulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ndinaulemba pabolodi kambirimbiri, koma tanthauzo lake ndinadzalimva ku England ndili ndi burashi ya tsitsi khumi m'manja.

Manja anga ndiwo anayamba kukumbuka mutu usanakumbuke. Tili abusa kudambo tinkaumba ng'ombe zadongo, linunda lake lonenepa, nyanga za minga ya mthethe, n'kuziyanika pamwala. Zikauma tinkazigundanitsa, ndipo yothyoka nyanga ndiyo yagonja. Ng'ombe iliyonse inali ndi dzina ndi mbiri yake: iyi inagonjetsa ya uje kawiri, iyi ndi mwana wa ija inasweka mvula itagwa. Tsono ndinkaseka azungu chifukwa chiyani?

Komabe chimene chinandimanga miyendo kwenikweni si penti, ndi nthano. Tizidoleti tili ndi mbiri yolembedwa m'mabuku a malamulo ndi m'magazini ya White Dwarf, imene yakhala ikutuluka kuyambira 1977. Nkhaniyo ikuchitika m'zaka za m'ma 40,000. Anthu anafalikira mu mlalang'amba wonse, maiko miliyoni pansi pa Mfumu imodzi. Mfumuyo inadzipangira ana aamuna 20 kuti akhale akazembe ake. Awiri anafafanizidwa m'mbiri, ngakhale maina awo satchulidwa. Asanu ndi anayi, motsogozedwa ndi Horus, mwana wapamtima, anaukira bambo wawo. Horus anaphedwa, koma Mfumu inavulala kotheratu, ndipo kwa zaka 10,000 yakhala pampando wagolide, yosafa komanso yosakhala moyo, tsiku lililonse ikumeza miyoyo 1,000 kuti nyali yake isazime. Payokha sinena kanthu, koma m'dzina lake anthu amawotchedwa, maiko amaphulitsidwa, ndipo wofunsa funso amasowa. Anyamata a ku kalabu ya masewerawa ankangoona nthabwala zokokomeza. Ine, amene ndinaphunzitsa pansi pa chithunzi cha Mtsogoleri wa Muyaya, amene ndinkayenda ndi khadi ya chipani m'thumba kuti ndilowe mumsika, ndipo ndinaona aphunzitsi anzanga akunong'ona ngakhale ali awiri okha m'ofesi, sindinasowe wondimasulira. Ndinawerenga masamba oyambirira n'kuseka kuseka kwa munthu amene wazindikira nkhope ya kwawo m'dziko la eni.

M'dziko lankhanza chotero ndinafuna gulu loti ndingaliike pabalaza osachita nalo manyazi abusa akabwera. Ndinalipeza m'kabuku kopyapyala kotchedwa Codex: Armageddon, ka mu 2000. Ma Salamander ndi limodzi mwa magulu a ma Space Marine, asilikali osinthidwa thupi kuti akhale zimphona. Kwawo ndi ku Nocturne, dziko la mapiri olavula moto, ndipo kholo lawo ndi Vulkan, mmodzi wa ana okhulupirika a Mfumu, amene analeredwa ndi wosula zitsulo. Aliyense amasula ndi kukonza yekha zida zake. Magulu ena akatenga mwana amamuiwalitsa kwawo, koma awa akabwerako kunkhondo amakakhala pakati pa abale awo. Pa nkhondo ya pa Armageddon, ena akuthamangira ulemerero, iwo ankateteza anthu wamba ndi othawa nkhondo. Apa mpamene anandigwira pamtima. M'zaka za m'ma 1980 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza kwathu ku Ntcheu, kumene malire a maiko awiriwa ndi msewu chabe, ndipo m'kalasi mwanga munali ana amene ankadzidzimuka chitseko chikamenyeka ndi mphepo. Kuwonjezera apo, pa zovala zawo amajambulapo malawi a moto. Mmalawi akanakana bwanji? Malamulo a nthawi imeneyo ankawapanga kukhala ochedwerapo kuposa anzawo pomenyana pafupi, ndipo mwana wanga ataona zimenezo anati, "Adadi, amenewa ndi inuyo ndithu."

Nkhondo zathu zinkachitikira patebulo lodyera. Tinkayala chitenje pamwamba pa mabuku kuti akhale mapiri, zitini za mkaka n'kukhala mafakitale a pa Armageddon. Ma Ork ankabwera ngati dzombe, ine n'kumawadikira kuseri kwa botolo la mchere ndi mfuti zolavula moto. Nthawi zambiri ndinkagonja, ndipo mwana ankavina pabalaza. Mayi a kunyumba ankatulukira ndi mbale m'manja n'kuti, "Abambo, tachotsani ana anuwa, nsima ikuzizira." Mpaka lero amawatchula ana anga. Zidolezi si zotsika mtengo, ndipo ndikatembenuza mapaundi kukhala makwacha ndinkagwira pakamwa. Mayi anakhazikitsa lamulo: choyamba ndalama yotumiza kumudzi, kenako chopereka cha kutchalitchi, zikatsala ndiye bokosi limodzi pakutha pa mwezi, ndipo latsopano lisalowe lakale lisanapentedwe. Mbali ziwiri zoyambazo ndinazisunga mokhulupirika. Za yachitatuyo, pansi pa bedi pali mabokosi amene sanatsegulidwe chigulire mu 2009, ndipo ndikupempha owerenga amene amadziwana ndi mayi kuti asunge pakamwa.

Mu 2003 eni masewerawa anachita chinthu chimene chinandikumbutsa nthano za pamoto, pamene wosimba akati "Padangokhala," omvera amayankha kuti "Tili tonse." Analengeza kuti Abaddon, wolowa m'malo mwa Horus, wabwera kachikhumi ndi chitatu kudzaukira Cadia, dziko la asilikali limene limalondera chipata cha ziwanda, ndipo anapempha osewera a dziko lonse lapansi kuti atumize zotsatira za nkhondo zawo pa intaneti, kuti nkhani ipendekere kumene madayisi agwera. Kwa masabata angapo nyumba yathu inali pa nkhondo. Tinamenya nkhondo 11, ine n'kupambana zitatu, ndipo zitatuzo ndinakazilembetsa pa kompyuta ya ku laibulale nditavala jekete, ngati munthu wokavota. Pamapeto pake oukirawo anapambana pang'ono, koma Cadia sinagwe. Kenako wotchi ya nthanoyo inaima. Kwa zaka zoposa khumi mabuku atsopano ankatuluka, zidole zatsopano zinkabwera, koma chaka cha m'nkhani chinali chomwecho, cha 999, mdani ali pakhomo osalowa.

Kuima kwa wotchi sikunaletse nkhani kusintha cham'mbali. Nkhope za asilikali anga osavala zisoti ndinkazipenta zofiirira ngati yanga, ndipo kaputeni wanga woyamba ali ndi dazi ndi ndevu za malume anga. Buku la ma Space Marine la mu 2008 linanena mosabisa kuti khungu la ma Salamander ndi lakuda bii ngati makala, maso ofiira ngati nkhuni zoyaka, chifukwa cha cheza choopsa cha dziko lawo ndi mbewu ya kholo lawo, osati mtundu wa anthu monga timaudziwira ife. Kamnyamata kena ka ku kalabu, kosamera n'komwe ndevu, kananyamula kaputeni wanga n'kundiuza mwachifundo kuti ndinalakwitsa. Usiku umenewo ndinakhala ndi burashi m'manja, wakuda uli pamphuno pake, koma dzanja linakana. Ndinakumbuka agogo anga aakazi. Usiku wina Kalulu ankathera m'mphika, usiku wina ankathawa ndi mchira wodulidwa, ndipo ukawafunsa kuti agogo, zoona ndi ziti, ankati, "Dzulo linali dzulo, gona." Akale aja ndinawasiya ndi nkhope za kwathu. Atsopano ndinawapenta monga buku linanenera. Ndiye chifukwa chake m'kabati mwanga mungathe kuwerenga zaka ngati mizere ya pa chitsa cha mtengo: awa a penti yochindikala ndi a chaka cha makatoni, awa ndinapenta tikudikira mapepala okhalira m'dziko muno, awa khumi osamalizidwa bwino ndi a mwezi umene ndinalephera kupita kumaliro a mayi anga.

Mwana anapita ku yunivesite mu 2007, ma Ork ake n'kulowa m'katoni. Bambo ndi mwana wamwamuna wa zaka zimenezo sakhala ndi zambiri zokambirana pa foni, ukafunsa za maphunziro yankho ndi "bhobho" basi. Chinatipulumutsa ndi mabuku. Mu 2006 Dan Abnett anatulutsa Horus Rising, buku loyamba la mndandanda wosimba mwatsatanetsatane kuukira kwa Horus, nkhani imene kale inali timizere tochepa chabe. Ndani akanadziwa kuti mndandandawo ufika mabuku 54, n'kuwonjezerapo ena a kuzingidwa kwa dziko lapansi, mpaka kudzatha mu 2024? Tinkagula limodzi n'kumatumizirana pa positi, iye akulemba ndemanga ndi pensulo m'mphepete, ine ndikuyankha ndi cholembera chofiira monga mwa chizolowezi. Ena mwa mabukuwo ndi otopetsa, ndinene chilungamo, olemba ena amatafuna nkhani imodzi ngati ng'ombe yobzikula. Koma nditawerenga za pa Isstvan V, pamene ma Salamander anabwerera m'mbuyo otopa kuti akapume pakati pa abale awo, abalewo n'kuwatembenuzira mfuti, ndinatseka buku n'kupita kukayenda m'mbali mwa mtsinje wa Trent. Ndinkadziwa kuti n'zopeka. Mtima sunafunse zimenezo. Usiku wake tinalankhula pa foni ola lathunthu, tikuyamba ndi Vulkan, n'kumalizira pa mtsikana amene ankafuna kudzationetsa.

Ku kalabu ndinali ndi mnzanga mmodzi wa msinkhu wanga, mzungu amene anagwira ntchito m'migodi ya malasha ya kuno mpaka mgodi wawo utatsekedwa. Ankanditchula kuti aphunzitsi, ine n'kumamuti achimwene, ndipo dzinalo analikonda atamva tanthauzo lake. Gulu lake linali la ma Squat, tianthu tafupiafupi tandevu, tokumba migodi ngati iye mwini, toumbidwa ndi mtovu wolemera wa kale. Malamulo atsopano atatuluka mu 1998, ma Squat munalibemo, ndipo mbiri imene inamveka inali yakuti maiko awo anadyedwa ndi ma Tyranid, zilombo zonga chiswe zochokera kunja kwa mlalang'amba. Iye sanakwiye. Ankabwera nawobe Lachinayi lililonse, akubwereka malamulo a gulu lina, n'kumati anthu ake anazolowera kuuzidwa kuti ntchito yatha. Ena sanali odekha chotero: pamene dziko la Warhammer ina, ya malupanga ndi akavalo, linawonongedwa m'nkhani mu 2015, wina anatentha gulu lake lonse n'kudzijambula pa vidiyo. Achimwene anga aja anatisiya mu 2020. Patangopita zaka ziwiri ma Squat anabwerera ndi dzina latsopano la Leagues of Votann, ndipo chilengezo choyamba chinatuluka pa 1 Epulo, anthu n'kumayesa bodza la tsikulo. Ndinakhala pampando n'kulira ngati mwana. Mayi amasiye anandipatsa kamodzi mwa tianthu take, kandevu zofiira, ndipo kamaima kutsogolo kwa asilikali anga ngakhale palibe buku lovomereza zimenezo.

Wotchi ija inadzayendanso mu Januwale 2017. Foni inalira usiku, mwana ali ku Leeds kumene amagwira ntchito. "Adadi, mwamva za Cadia? Yapita." Ine ndinafuula kuti, "Aa! Zachitika liti?" Mayi a kunyumba anadzuka n'kuyamba kufunafuna chitenje, akufunsa kuti wamwalira ndani, wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Nditawafotokozera kuti Abaddon wagwetsera chilinga chachikulu cha mumlengalenga pa dziko limene ndinaliteteza ku laibulale zaka 14 zapitazo, sanandilankhule mpaka nthawi ya tiyi. Chaka chomwecho mlalang'amba unang'ambika pakati, ndipo Roboute Guilliman, mwana wina wa Mfumu amene anagona chikomokere zaka zikwizikwi, anadzuka n'kupeza ufumu wa bambo ake utasanduka chinthu chimene sanachizindikire. Ndimamumvetsa mkulu ameneyu, chifukwa ndi mmene ndimamvera ndikatsika basi pa Ntcheu masiku ano. Anabwera ndi asilikali atsopano otchedwa Primaris, aatali kuposa akale, moti kaputeni wanga wa dazi akaima pambali pawo amaoneka ngati mwana wa sitandade 5 pakati pa a fomu 4. Ndinang'ung'udza chaka chathunthu, kenako ndinagula khumi.

Pali asilikali ena 12 amene sakhala m'kabati. Kalekale ku kalabu kunali mnyamata wa gulu la ma Praetorian, ovala majekete ofiira ndi zipewa zoyera za atsamunda, ndipo ndivomere kuti ndinkawawotcha ndi chimwemwe chosayenera mkulu wa mpingo. Zimenezo zinali nthabwala. Koma tsiku lina, pa chionetsero cha Partizan cha ku Newark, kumene amasonkhana okonda nkhondo za m'mbiri yeniyeni, ndinaima pa tebulo lina n'kuona timatumba tolembedwa kuti Ngoni. Anali ankhondo achitsulo oumbidwa ndi Mark Copplestone, zishango zachikopa, nthungo, nthenga kumutu, ngati akukonzekera ingoma. Ndinawagula manja akunjenjemera. Zishango ndinazipenta mawanga a ng'ombe za m'khola la agogo anga aamuna, iliyonse monga ndikuikumbukira. Bambo wina waulemu ndithu anandipempha kuti tidzasewere, iye abwere ndi asilikali a atsamunda a m'zaka za m'ma 1890. Ndinamuthokoza n'kukana. Inkosi Gomani Chikuse inaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896, ndipo nkhani imeneyo agogo aakazi aja, omwe ankasintha mathero a Kalulu usiku uliwonse, ankaisimba motsitsa mawu, osasinthako ngakhale liwu limodzi. Cadia igwe, idzuke, igwenso, ndidzaponya madayisi mosangalala. Pa Gomani sindingaponye dayisi. Angoni angawo amakhala kuchipinda, pambali pa chithunzi cha bambo anga.

Tsopano ndili ndi zaka 70 ndi kanthu. Maso afooka, ndipo dzanja lamanja limanjenjemera ndikagwira burashi yaing'ono. Ndikayamba kudzimvera chisoni ndimakumbuka Michael Perry, mmodzi wa mapasa otchuka oumba tizidoleti, amene anaduka dzanja lamanja mu 1996 mzinga utaphulika pa sewero lokumbukira nkhondo yakale ku France, n'kuphunzira kuumba ndi lamanzere. Penti zatsopano zimene zinabwera mu 2019, zoti ukapaka kamodzi zimadzipezera zokha mithunzi, ndinkazinyoza kuti ndi za alesi, koma lero ndizo zikundisunga pantchito. Maso a asilikali amandipentera mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 9. Mwa magulu onse iye anasankha ma Tyranid, omwe aja anadya anthu a achimwene anga, ndipo anawapenta pinki. Malamulo a mu 2023 amawadziwa pamtima, ine ndimasokoneza ndi a mu 1998. "Agogo, zimenezo zinatha kale," amatero, akundilanda tepi. Chichewa chake n'chothyokathyoka, koma akafuna kumva za Vulkan amadziwa kuti ndiyamba ndi "Padangokhala," ndipo sindipitiriza mpaka ayankhe. Lole ya mawaya ya bambo ake ilipobe, tayala limodzi linachoka, ndipo iye sakhulupirira kuti anaimanga ndi munthu yemweyo amene lero sangathe kukhoma msomali osaonera vidiyo.

Guilliman anabwerera mu 2017, m'bale wake Lion El'Jonson anatsatira mu 2023. Nthano imati Vulkan anabisa zida zake zisanu ndi zinayi, ndipo ana ake akadzazipeza zonse, iye adzabwera. Pamene ndikulemba pano sanabwere. Pa shelefu yapamwamba, pakati penipeni, ndinamusiyira malo aakulu ngati sosala, ndipo ndinauza mdzukulu wanga kuti ngati adzafike ine nditapita, adzamupente yekha, nkhope yake adzasankhe mtundu umene akufuna. Pakadali pano mayi a kunyumba aikapo tiyipoti yawo ya paukwati, ndipo akuti sichokapo mpaka mwini malo aonekere.